Masitandi oimirira abwerere m'mabwalo athu, koma tiyambe tawerenga anthu

Aliyense wotsata mpira wa miyendo m'boma la Mangochi akudziwa kuti masewero otentha kwambiri sachitikira m'bwalo la mipando. Amachitikira pa bwalo la sukulu kapena la m'dera, ku Monkey Bay, ku Makawa, ku Chembe, ku Msaka kapena kwa Nankumba, komwe malire a osewera ndi oonerera ndi chingwe chomangirira pa zikhomo, mwinanso mzere wa laimu kapena phulusa basi. Tsiku la ndime yomaliza ya chikho cha phungu kapena bonanza, anthu amaunjikana mizeremizere kuzungulira bwalo lonse. Wamtali amaona, wamfupi amasuzumira pa mapewa a anzake, ana amakwawa m'miyendo ya akuluakulu mpaka kukakhala pa mzere penipeni, anyamata ena amakwera m'mitengo, pachulu kapena kuponda pa kaliyala wa njinga ya kabaza. Chigoli chikalowa chingwe chija chimagwa, khamu lonse limakhamukira m'bwalo, fumbi lili koboo, ndipo woimbira amadikira kuti anthu abwerere m'malo. Anthuwa amaonera mpira ali chilili mpaka wezulo yomaliza, ndipo palibe amene amalira mpando. Chimene akusowa ndi malo okwera oti aliyense aone, chotchinga choti asakankhirane m'bwalo, ndi chipata chodziwika. N'chifukwa chake pamene makhonsolo, aphungu ndi akuluakulu a mpira akukamba zomanga mabwalo m'maboma, tiyenera kunena poyera kuti sitandi yoimirira, yomangidwa mwaluso ndi yodziwika chiwerengero chake, ndiyo ikuyenera dziko lino kuposa mipando ya pulasitiki imene ambiri amaiyesa chizindikiro cha chitukuko.

Ganizo loti bwalo lenileni ndi la mipando yokhayokha silinayambire kuno. Linachokera ku England, ndipo linabwera ndi maliro. Pa 15 Epulo 1989, pa bwalo la Hillsborough mumzinda wa Sheffield, Liverpool inkakumana ndi Nottingham Forest mu ndime ya matimu anayi ya chikho cha FA. Ochemerera Liverpool anapanikizana pa sitandi yoimirira ya mbali ya Leppings Lane, ndipo anthu 97 anataya miyoyo, womaliza atamwalira mu 2021 atavutika zaka 32 ndi kuvulala kwa tsikulo. Boma la kumeneko linatuma woweruza milandu Lord Justice Taylor kuti afufuze, ndipo lipoti lake lomaliza la mu Januwale 1990 linalimbikitsa kuti mabwalo akhale a mipando. Matimu a m'maligi awiri apamwamba anapatsidwa mpaka Ogasiti 1994 kuti achotse masitandi awo oimirira. Popeza ligi ya ku England ndiyo imadzaza mavidiyo sho athu Loweruka ndi Lamlungu, kuyambira pa Mangochi boma mpaka kudoko la Malembo, chithunzi chimene chinakhazikika m'maso mwa Amalawi ndi cha mizere ya mipando yofiira kapena yabuluu. Wandale akamalonjeza bwalo, chithunzi chimene amakweza pa chikwangwani chimakhala chomwecho. Tinatengera lamulo la anzathu osafunsa chimene chinawachititsa kuliika.

Tikafunsa, yankho lake likusiyana ndi zimene ambiri amaganiza. Taylor yemweyo, mu lipoti lake loyamba la mu Ogasiti 1989, anapeza kuti gwero lalikulu la ngoziyo linali kulephera kwa apolisi kuwongolera khamu. Kunja kwa bwalo kunali zipata zochepa zolowera anthu zikwi zambiri. Mpanipani utakula, mkulu wa apolisi analamula kuti chipata chachikulu chotulukira chitsegulidwe, ndipo anthu pafupifupi 2,000 analowa pakanthawi kochepa n'kulunjika m'kanjira kodutsa kunsi kwa sitandi kopita ku zigawo ziwiri zapakati, zomwe zinali zitadzaza kale. Kutsogolo kwawo kunali mpanda wautali wa zitsulo wolekanitsa oonerera ndi osewera, m'mbali munalinso mipanda, moti wopanikizidwa analibe kothawira. Panalibe wowerenga kuti m'chigawo chilichonse mwalowa anthu angati. Mu 2016 bwalo lofufuza za imfazo linagamula kuti anthuwa anaphedwa mosemphana ndi malamulo, ndipo ochemerera analibe mlandu uliwonse. Taylor mwiniwake anavomereza kuti kuimirira pakokha si koopsa, ndipo matimu a m'maligi apansi analoledwa kusunga masitandi awo. Ku Germany sanawachotse n'komwe: sitandi imodzi yokha ya kum'mwera pa bwalo la Borussia Dortmund imaimika anthu pafupifupi 25,000. Celtic ya ku Scotland inatsegula malo oimirira mu 2016. England nayo, itaona kuti ochemerera akuimirirabe pakati pa mipando, pomwe msana wa mpando wakutsogolo umagwetsa munthu chigoli chikalowa, inabwezeretsa malo oimirira ovomerezeka mu Januwale 2022, kuyambira ndi masewero a Chelsea ndi Liverpool pa Stamford Bridge. Eni ake lamulo alifewetsa, koma ife tikulithamangirabe.

Umboni wa kuno ku Africa ndi wowawa, ndipo ukuloza komweko. Pa 9 Julaye 2000, pa National Sports Stadium ku Harare, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'masitandi pa masewero a Zimbabwe ndi South Africa, ndipo anthu 13 anafa akuthamangira potulukira. Pa 11 Epulo 2001 anthu 43 anafa pa Ellis Park ku Johannesburg, bwalo lamakono la mipando, pamene Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates zinakoka khamu loposa malo amene analipo. Pasanathe mwezi, pa 9 Meyi, anthu 126 anafa ku Accra m'dziko la Ghana pa masewero a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko: ochemerera okwiya anazula mipando ya pulasitiki n'kumaiponya m'bwalo, apolisi anayankha ndi utsi, ndipo othawa anapeza zipata zili zotseka. Mu Juni 2007 anthu 12 anafa potuluka pa Konkola Stadium ku Chililabombwe, Zambia itangogonjetsa Congo Brazzaville. Pa 24 Januwale 2022, kutatsala tsiku limodzi kuti Flames ikumane ndi Morocco mumzinda womwewo wa Yaoundé, anthu 8 anafa pa chipata cha Olembe Stadium, bwalo latsopano la mipando 60,000 lomangidwira mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa. Pa ngozi zonsezi pali zinthu zitatu zimene zikungosinthanasinthana: chipata chopapatiza kapena chotseka, khamu losawerengedwa, ndi utsi wokhetsa misozi. Mpando sunapulumutse ndi mmodzi yemwe mwa anthuwa.

Ifenso tili ndi maliro athu. Bwalo la Bingu National Stadium ku Lilongwe, lomangidwa ndi ngongole yochokera ku China, linatsegulidwa mu Januwale 2017 lili ndi mipando yoposa 40,000, ndipo mpaka lero palibe lina lofanana nalo m'dziko muno. Miyezi isanu ndi umodzi isanakwane, pa 6 Julaye, tsiku lokumbukira zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu analawirira kumeneko m'mamawa kuti akaonere zisangalalo ndi masewero a Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers, polowa pali paulere. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, khamu linakulirakulira panja, anthu anayamba kukankhana, apolisi anaponya utsi, ndipo anthu 8 anafa mochita kupondedwa, 7 mwa iwo ana. Ena ambiri anavulala n'kuthamangira nawo ku Kamuzu Central Hospital. Mkati mwa bwalo mipando zikwizikwi inali ikuwadikira. Ana amenewa anafa mpirawo asanauone n'komwe, ndipo funso la kukhala kapena kuimirira linalibe gawo pa imfa yawo. Ngati bwalo lokongola ndi lodula kuposa onse lingaphe ana pa chipata, ndiye kuti chitetezo sichigulidwa pamodzi ndi mipando. Chimachokera ku dongosolo: nthawi yotsegulira, kuchuluka kwa zipata, chiwerengero cha olowa, ndi luso la amene akuyang'anira khamu.

Kunena zoona, masitandi oimirira sanachoke kuno ndi lamulo ngati ku England. Tinangowalekerera kuti awonongeke. Bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre, lomangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi dzina loti Rangeley Stadium, linatchuka ndi masitandi ake osafolera a simenti monga ya Biafra, komwe kumachokera ng'oma, mavuvuzela ndi nyimbo zimene zimapatsa moto masewero a Bullets ndi Wanderers. Kwa zaka zambiri anthu ankadzaza mmenemo popanda wodziwa chiwerengero chenicheni, simenti inang'ambika, mvula inalowerera, mpaka akatswiri a zomangamanga analangiza kuti mbali zina zitsekedwe, ndipo chiwerengero cha ololedwa kulowa chinatsika kwambiri. M'mabwalo ena ambiri masitepe alipo koma ndi a thekatheka: aatali kuti munthu aimirirepo mosaopa kugwa, otentha ndi olimba kuti akhalepo, opanda chitsulo chotsamira ndi opanda magawo. Pamene izi zikuwonongeka, maloto athu ali pa mabwalo akuluakulu amene satha. Mabwalo a Zomba, Thyolo ndi Ntcheu adya zaka zambirimbiri akumangidwa, ndipo mabwalo amene Bullets ndi Wanderers analonjezedwa mu 2019 anaima panjira. Choncho kubwezeretsa kumene tikunena pano ndi kuwapatsanso masitandi oimirira ulemu wawo: kuwalemba m'malamulo a mpira, kuwamanga bwino kuchokera pa maziko, ndi kuwayeza chaka ndi chaka.

Sitandi yoimirira yotetezeka si chinthu chovuta kuchimvetsa. Ndi masitepe a konkire afupiafupi, otakata mokwanira kuti munthu aponde mapazi onse awiri bwinobwino, okwera pang'onopang'ono kuti wakumbuyo aone pamwamba pa mutu wa wakutsogolo. Pakadutsa masitepe angapo pamakhala chitsulo chopingasa chofika pamimba, chozikika mu konkire, ndipo ntchito yake ndi kudula mphamvu ya khamu: anthu akumbuyo akatsamira kutsogolo chigoli chikalowa, kulemera kwawo kumathera pa chitsulocho m'malo mofika pa mwana amene waima mmunsi. Sitandi imagawidwa m'zigawo, chilichonse ndi polowera pake ndi potulukira pake, ndiponso tinjira topakidwa penti yachikasu tomwe munthu saloledwa kuimapo. Kutsogolo kumakhala kampanda kofupika kokhala ndi zitseko zotsegukira m'bwalo, kuti pakagwa zadzidzidzi malo osewerera akhale pothawira. Masamu ake alipo kale. Buku la malangizo a chitetezo cha m'mabwalo la ku Britain, lomwe linayamba kutuluka mu 1973 anthu 66 atafa pa masitepe otulukira a Ibrox ku Glasgow mu 1971, limati malo oimirira asapyole anthu 47 pa masikweya mita 10 aliwonse, chipata chimodzi cholowera mmodzimmodzi chisawerengedwe kuti chingalowetse anthu oposa 660 pa ola, ndipo oonerera azitha kuchoka m'sitandi mphindi 8 zisanapyole. Anthu a ku Monkey Bay sakusowa wowamasulira mfundoyi. Kwawo ndi kumene kumakocheza sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanja kuyambira mu 1951, ndipo mwana aliyense wa kudoko amadziwa kuti chombo chili ndi chiwerengero chake, chimene woyendetsa wanzeru sapyola ngakhale otsala pagombe achonderere chotani. Sitandi nayo ili ndi chiwerengero chake, ndipo chilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pa chipata.

Nkhani ya ndalama nayo ikuikira kumbuyo masitepe. Mipando ya m'mabwalo imaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, zomwe dziko lino likusowa ngakhale zogulira mafuta ndi feteleza. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chobwera pa kontena chinakwera mtengo. Mpando ukafika umakumana ndi dzuwa la kunyanja. Amene anasiyapo beseni kapena mpando wa pulasitiki panja mu Okutobala ndi Novembala ku Mangochi akudziwa mmene umasuwira mtundu, kuuma, n'kuyamba kuthetheka, ndipo pa sitandi yosafolera masana sukhalika n'komwe chifukwa cha kutentha. Ukapulumuka kudzuwa umakumana ndi mkwiyo wa ochemerera, monga zinachitikira pa Bingu mu 2023 pamene masewero a Airtel Top 8 a Silver Strikers ndi Mighty Wanderers anathera panjira, mipando yambiri n'kuthyoledwa, ndipo ndalama zoikonzera zinafika mamiliyoni. Sitepe ya konkire ilibe chozula. Miyala, mchenga ndi simenti zimapezeka m'dziko momwe muno, amisiri omanga ndi owotcherera zitsulo ali pa msika uliwonse, ndipo malipiro awo amatsala m'deralo. Kuwonjezera apo, malo amene angakhale anthu ochepa pa mipando amaimika ochuluka: bwalo la Dortmund limalowa anthu oposa 81,000 masitandi oimirira akatsegulidwa, koma likasandutsidwa la mipando yokha chiwerengero chimatsika kufika pafupifupi 66,000. Malo akachuluka mtengo wa pachipata sukhala wobaya, ndipo msodzi amene usipa sunamuyendere sabata imeneyo, wakabaza ndi mwana wasukulu amathabe kulowa. Ku England matikiti anakwera mtengo kwambiri m'zaka zimene mabwalo anasanduka a mipando, ndipo anthu wamba ambiri anasiya kupita. Mpira wathu, umene matimu ake ambiri amadalira ndalama za pachipata, sungakwanitse kuthamangitsa anthu otere.

Wina anena kuti malamulo a CAF ndi FIFA amafuna mpando wa munthu mmodzimmodzi wokhala ndi nambala, ndipo dziko lopanda bwalo lokwaniritsa miyezo yawo limachita manyazi. Izi n'zoona, ndipo manyaziwo tinawalawa mu 2021 pamene Flames inkasewera masewero ake apakhomo olimbirana malo ku chikho cha dziko lonse pa Orlando Stadium ku Johannesburg, chifukwa panalibe bwalo la kuno limene CAF inalivomereza. Palibe amene akunena kuti tizule mipando ya pa Bingu. Bwalo limenelo tilisamalire, ndipo Blantyre ndi Mzuzu nayo ikuyenera kukhala ndi mabwalo a muyezo womwewo. Koma malamulo amenewa amakhudza masewero a pakati pa mayiko. Sakhudza ligi ya m'chigawo, chikho cha m'boma kapena masewero a sukulu. Flames imasewera pakhomo kangapo kokha pachaka, pomwe masewero a m'maboma ndi osawerengeka sabata iliyonse. Egypt kapena Senegal sadzabwera kudzasewera ku Monkey Bay. Kumanga bwalo la m'dera potsata muyezo wa masewero amene sadzachitikirapo ndi kutaya ndalama m'madzi, ndipo zotsatira zake timazidziwa: mpanda wautali wa njerwa, kasitandi kamodzi kofolera ka akuluakulu, kenako ndalama zatha anthu wamba akadali pafumbi. Tisaiwalenso kuti malamulo a mabungwe akuluakuluwa nawo amasintha. Bungwe la UEFA, lomwe kwa zaka zambiri linkakana malo oimirira pa mipikisano yake, linayamba kuwalola mu 2022 m'mayiko a England, Germany ndi France.

Dandaulo lachiwiri ndi la ziwawa. Ena amati munthu woimirira m'gulu sadziwika, choncho amamwa, amatukwana ndi kugenda mosaopa, pomwe wokhala pa mpando wa nambala amadzigwira chifukwa akhoza kulondoleka. Ziwawa za m'mabwalo ndi vuto lenileni kuno, ndipo imfa ya wochemerera pa Balaka Stadium mu Disembala 2013, pa masewero a Wanderers ndi Silver Strikers, sinaiwalike. Koma tiyeni tione zimene zimayambitsa ndewu: kusakhulupirira woimbira, mikangano ya zikhulupiriro za mankhwala pa zigoli ndi polowera osewera, mowa, ochemerera a matimu awiri kusakanikirana, ndi miyala kapena zidutswa za njerwa zimene zimakhala mbwee pansi. Pa zonsezi palibe chimene mpando umathetsa. Nambala ya mpando imagwira ntchito komwe tikiti ili ndi dzina la wogula ndipo makamera akuona aliyense, pomwe kuno tikiti ndi kapepala kong'ambidwa pa chipata. Sitandi yogawidwa m'zigawo ndiyo ingathandize msanga. Ochemerera timu iyi amakhala mbali yawo, a timu inayo pamodzi ndi aganyu awo mbali ina, pakati pali mpata ndi olondera. Pa konkire palibe mwala wotola, ndipo wolondera amene waima pa kanjira amaona nkhope za anthu a m'chigawo chake. Mabwalo a chingwe amene tili nawo lero ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa woimbira akapereka penate yokayikitsa palibe chilichonse chimene chili pakati pa iye ndi khamu lokwiya.

Dandaulo lachitatu ndi lofunika kulimvetsera modekha: nanga amayi, ana, achikulire ndi anthu aulumali? Mayi wobereka mwana kumbuyo sangaime maola awiri padzuwa, agogo amene akhala akutsata mpira kuyambira nthawi ya Kinnah Phiri sangapirire mpanipani, ndipo atsikana ambiri amapewa gulu la anyamata chifukwa cha kugwiridwagwiridwa ndi mawu achipongwe. Pamenepa tivomereze kuti bwalo lonse silingakhale loimirira. Mbali imodzi, makamaka ya kumadzulo komwe dzuwa la masana limakhala kumbuyo kwa oonerera, ikhale yofolera ndi yokhala ndi mabenchi. Pakhale chigawo cha mabanja chosalola mowa. Kutsogolo kukhale malo athyathyathya a njinga za anthu aulumali, ndi njira yofikirako popanda kukwera masitepe. Pakhale mpopi ndi zimbudzi zokwanira, za amayi pazokha, chifukwa boma limene linazunzika ndi kolera mu 2022 ndi 2023 siliyenera kusonkhanitsa khamu popanda madzi. Ndalama zimene zingapulumuke posagula mipando ya mbali zitatu ndi zomwe zingalipire denga ndi zimbudzizo. Palinso ena amene amati kuimiritsa osauka pamene olemera akhala ndi tsankho. Tsankho lilipo kale, ndipo ndi loipa kuposa pamenepo, pakuti lero wosauka ali pafumbi kuseri kwa mitu ya anzake pamene mlendo wolemekezeka ali pa mthunzi wa tenti. Komanso oimba ng'oma ndi oyambitsa nyimbo saimirira chifukwa chosowa pokhala. Kuno kwawo kwa beni, munthu amene timu yake yagoletsa sangavine ali khale.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti ife sititsata malamulo. Chiwerengero chikhoza kulembedwa pa chipata, koma wapachipata adzalowetsa abale ake, matikiti achinyengo adzagulitsidwa panja, wina adzalandira kangachepe m'manja, anyamata adzalumpha mpanda, ndipo wandale adzalengeza kuti lero polowa ndi paulere. Izi zimachitikadi, ndipo matimu akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ndalama zolengezedwa masewero akatha sizigwirizana ndi khamu looneka ndi maso. Koma vutoli silisankha mtundu wa bwalo. Bwalo la mipando likalowetsa anthu opyola muyezo, osowa pokhalawo amadzaza pa tinjira ndi pa masitepe otulukira, omwe ndi malo oopsa kuposa onse. Ndiye pokonza ndi pachipata. Matikiti asindikizidwe molingana ndi chiwerengero cha chigawo chilichonse, ndipo agulitsidwe masiku angapo masewero asanachitike, m'masitolo kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, kutali ndi polowera. Ngakhale masewero aulere akhale ndi tikiti yaulere yowerengeka, chifukwa ulere wopanda chiwerengero ndi umene unakoka khamu la pa 6 Julaye. Zipata zitsegulidwe kukadali maola angapo, ndipo zotulukira zisakhomedwe ndi loko masewero ali mkati. Pakhale mkulu wa chitetezo mmodzi wodziwika, wokhala ndi mphamvu yochedwetsa masewero ngati panja padakali mpanipani, ngakhale mlendo wolemekezeka akhale atafika kale. Utsi wokhetsa misozi usalowe m'bwalo. Malamulo a chitetezo a FIFA amauletsa kale, ndipo anthu 135 amene anafa pa bwalo la Kanjuruhan ku Indonesia mu Okutobala 2022 anasonyeza chimene chimachitika lamuloli likanyozedwa.

Ena angafunsenso ngati boma la Mangochi, la anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, lomwe likusowa makalasi, mankhwala ndi misewu, liyenera kutaya nthawi ndi masitepe a mpira. Funsoli n'lomveka, ndipo ndi lomwe likuchititsa kuti njira yotsika mtengo ikhale yoyenera. Ndalama zikulowa kale mu mpira wa m'madera. Aphungu ndi ofuna mipando amaika ndalama zankhaninkhani m'zikho, mayunifolomu ndi mipira, makamaka chisankho chikayandikira, koma chikho chikatha pa bwalo sipatsala kanthu kupatula mapepala a mafulizesi. Gawo la ndalama zomwezo, kuphatikizapo za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, lingamange mbali imodzi chaka chino, ina chaka chamawa, ndipo mbali iliyonse yomalizidwa imayamba kugwira ntchito pompopompo. Boma lili ndi bwalo lake pa Mangochi boma, koma lili pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera ku Monkey Bay, ndipo ndalama yoyendera imaposa ya tikiti. Masitepe omwewo angatumikire mpira wa manja, mipikisano ya magule ndi misonkhano ya dera. Chenjezo n'lakuti kutsika mtengo kusasanduke kumanga mwachisawawa. Sitandi yomangidwa ndi simenti yochepa ndi zitsulo zopyapyala ikhoza kupha anthu ambiri kuposa chingwe chimene yalowa m'malo mwake. Pulani ijambulidwe ndi injiniya wovomerezeka, konkire iyezedwe, ndipo chitsulo chilichonse chotsamira chiyesedwe mphamvu anthu asanaloledwe kukwerapo.

Ntchito yoyamba ili m'manja mwa bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM. M'malamulo ake ovomerezera mabwalo ndi matimu lilembemo momveka bwino muyezo wa sitandi yoimirira, ndipo mogwirizana ndi SULOM, Malawi National Council of Sports ndi mainjiniya a boma, litulutse pulani imodzi yosavuta imene khonsolo iliyonse ingatenge kwaulere. Bwalo lililonse liziyezedwa ligi isanayambe, lipatsidwe chiphaso cholembapo chiwerengero cha anthu ololedwa, ndipo lopanda chiphaso lisachititse masewero okoka khamu. Apolisi ndi olondera aphunzitsidwe kuwongolera anthu popanda utsi ndi zikwapu. Khonsolo ya Mangochi, aphungu, makhansala ndi mafumu a dera la Nankumba asadikire kuti Lilongwe iyambe: asankhe bwalo limodzi ku Monkey Bay, amange mbali imodzi motsata miyezo, ndipo maboma ena adzabwera kudzaonera. Nanunso ochemerera muli ndi gawo lanu. Wandale akadzabwera ndi lonjezo la bwalo, mufunseni mafunso atatu: lidzalowa anthu angati, lidzakhala ndi zipata zingati, ndipo ndani adzawerenge olowa. Akalephera kuyankha, musamuombere m'manja.